Envulopu Yopemphereredwa

Dzana Nachisale, mnzanga amene tinkagwira naye ntchito ku Glasgow, ananditumizira uthenga pa foni. Akuti: “Aphunzitsi, mwamva? Ku Amereka madera ena akhazikitsa lamulo loletsa mabwana kulipiritsa munthu chindapusa akasiya ntchito kontirakiti isanathe.” Pansi pake anaikapo tinkhope titatu tosekerera. Ine sindinaseke. Ndinaponya foniyo pa mphasa mwamphamvu moti nkhuku ya aneba yasiya kuikira mpaka lero. Ndikanama, choko chisadzalembenso m'dzanja langa.

Lamulolo ndi labwino, sindikukana. Koma lafika mochedwa, komanso latsikira depoti yolakwika. Ine msana wanga unatsala ku Easterhouse, dera lina la ku Glasgow, ndipo kuno ku Mponela theka la abale anga sandipatsa moni. Amati ndinamutsekera mwayi mwana wanga Tiyamike tsiku limene ankayenera kusaina pepala lopitira ku Ulaya. Ndiye ndati ndilembe mmene zinayendera, aliyense aone yekha amene ankafuna kutsekera mwanayo.

Ine ndinaphunzitsa Sitandade 2 zaka khumi ndi zinayi. Ntchito yanga inali imodzi basi: kuphunzitsa ana kuwerenga. Mukumbukire zimenezo, chifukwa manyazi anga onse agona pamenepo.

Kwathu kuno kuli bambo wina amene dzina lake sinditchula, poti loya wake amadya bwino kuposa ine. Tingoti a Mkulu. Anabadwira kuseri kwa msika, koma amakhala ku Shawlands, ku Glasgow komweko, ndi mkulu wa mpingo kumeneko, ndipo ali ndi kampani yotumiza anthu khomo ndi khomo kukasamalira okalamba. Chaka chilichonse kukayamba kuzizira kumeneko amabwera kuno. Malata a tchalitchi chathu anagula ndi iwo. Akakutchula dzina kuti chaka chino ukwera ndege ndiwe, anthu amakuyang'ana ngati wayamba kale kuwala.

Chaka chimenecho anatchula ine. Tinagulitsa puloti, njinga yamoto ndi ng'ombe ziwiri za mkazi wanga kuti tikiti ndi viza zitheke. Lamulungu lotsanzikana, envulopu yakhaki anaiika patebulo kutsogolo, pafupi ndi mbale ya chopereka. Abusa ndi akulu ampingo anaisanjika manja. Amayi anaimba mpaka akangaude anasamuka kudenga. Atati ameni, a Mkulu anasolola kansonga ka tsamba lomaliza, nanditambasulira cholembera chonyezimira.

“Sainani apa, aphunzitsi.”

Ndinalandira ndi manja awiri, mawondo atapindika. Tsopano inu a masiku ano mufunsa kuti bwanji osawerenga kaye. Kwathu kuno munthu wamkulu akakupatsa ndalama suwerenga iye akuona. Akakupatsa nkhuku suifinya pachidale kuti uone ngati ndi yonona. Nanga pepala loti abusa angolipempherera kumene, thukuta likadali pamphumi, iwe ulitambasule n'kuyamba kuloza mizere ndi chala? Ndiye kuti ukuuza a Mkulu kuti ndi wakuba, ndipo abusa kuti pemphero lawo silinagwire. Achimwene anga akanandimenya khofi pomwepo. Ndinasaina. Ine amene ndinkagwaditsa ana chifukwa cholumpha mzere umodzi, ndinalumpha masamba makumi awiri ndi awiri, mpingo wonse ukuomba m'manja.

Pabwalo la ndege ku Glasgow a Mkulu anadzatitenga okha, anthu anayi, napatsa aliyense jekete. Yanga inkanunkha munthu wina. M'thumba ndinapezamo tikiti ya basi ndi switi yonyambita theka. Ndinathokoza katatu. Jekete imeneyonso muikumbukire.

Anatiika m'fulati ku Easterhouse, anthu asanu ndi awiri, bafa limodzi. Mvula ya kumeneko sigwa kuchokera kumwamba ngati mvula yoleredwa bwino. Imabwera chopingasa, imakhota pa kona, ikakusowa imafunsa aneba. Dzuwa ndinaliona kanayi m'zaka zitatu, ndipo ulendo wachiwiri zinapezeka kuti anali magetsi a ambulansi.

Ntchito yake inali yotere: khomo lililonse theka la ola. Umusambitse munthu, umuveke, umumwetse mankhwala, umuwiritsire tiyi, ulembe m'buku, uthamangire basi yopita khomo lina. Nthawi ya pa basi sankalipira. Tsono ine ndinkakhala pa basi nthawi yaitali moti madalaivala anandiitana ku ukwati wa mnzawo, poyesa kuti ndine wa kampani yawo. Ndinapita. Ndinavinanso. Pakutha pa mwezi ankayamba adula lendi ya fulati ija, yunifolomu, ndi zina za mayina aatali. Zotsalazo ndinkatumiza kumudzi, kumene ankaganiza kuti mapaundi timachita kusesa ndi tsache m'mawa.

Nachisale, wa ku Dedza, anali namwino kwathu kuno asanakwere ndege. Ankamutumiza yekha kukanyamula bambo wina wofunika anthu awiri ndi makina. Msana utayamba kumuvuta, ankaumanga ndi chitenje mkati mwa yunifolomu. Masana tinkakumana pa siteji ya basi, tiyi wa mufulasiki imodzi, chivindikiro tikulandizana.

“Aphunzitsi, lero mwanama chiyani?” ankandifunsa.

“Ine sindinama, Nachisale. Ndimangoonetsetsa kuposa anzanga.”

“Ndiye muonetsetse basi ija, isatipitirire.”

Mwa onse amene ndinkawasamalira, amene anandisokoneza mutu ndi a Tam a ku Govan. Anawotcherera zitsulo za masitima apamadzi moyo wawo wonse, ndipo ndiwo ankalankhulira anzawo kwa mabwana. Miyendo inali itawakana, koma maso ayi, makamaka akagwira galasi lawo lokulitsira zilembo. Bambo ameneyo ankawerenga chilichonse. Kapepala ka m'bokosi la mankhwala ankakawerenga mbali zonse ziwiri asanameze, ine basi ikundipita. Ankanditchula “big man”, chonsecho ine ku Mponela ndinkachita kukwera pa njerwa kuti ndilembe deti pabolodi.

Pa windo la a Tam pankaoneka chipatala chachikulu. Tsiku lina ndikuwameta ndevu anachiloza.

“Big man, uko akufuna anthu othandizira m'mawodi. Kunyamula wodwala amakhala awiriawiri, ndipo ola lililonse amalipira. Ukudikira chiyani, msana uthyoke kaye?”

Ndinalemba kalata, ndinapita kukafunsidwa mafunso nditavala tayi wa a Tam, ndipo anandilemba. Ankangofuna zinthu ziwiri: kalata ya umboni yochokera kwa abwana anga, ndi kuti ndiyambe pasanathe masabata anayi. Tsiku limenelo ndinaimba nyimbo pa basi. Dalaivala anandilandira kolasi.

Loweruka ndinapita ku Shawlands. Nyumba ya a Mkulu denga lake lili kutali moti ukayetsemula, mawu amabwerera mawa lake. Ndinavula nsapato pakhomo. Tinapatsana moni bwinobwino, tinafunsana za mvula ya kumudzi, za abusa, za mitengo ya feteleza. Tiyi atafika pakati m'pamene ndinayamba.

“Bambo, ndabwera kudzathokoza. Mwandisunga chaka ndi miyezi. Tsono Mulungu watsegula khomo lina kuchipatala, ndiye ndati ndidzatsanzike mwaulemu, ndipemphenso kakalata ka umboni.”

Anamwetulira, nadzuka, nabwera ndi fayilo. Sanafufuze n'komwe. Chala chinangofikira pa tsamba 9, ndime 14, ngati munthu wopita kuchimbudzi cha kwawo.

“Palibe vuto, aphunzitsi. Khomo ndi lotsegula. Kungoti wosiya zaka zitatu zisanakwane amabweza mapaundi 12 sauzande pasanathe mwezi. Akamaliza, kalata timalemba yokongola kwambiri.”

“Mapaundi angati, bambo?”

“Zalembedwa apa. Si siginecha yanu iyi?” Kenaka anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. “Kodi simunawerenge? Inu, mphunzitsi wathunthu?”

Mawu amenewo mpaka lero amandidzutsira chilakolako choswa mbale. Munthu yemweyo amene anabisa masamba m'envulopu, amene anaika pepala pakati pa pemphero ndi nyimbo podziwa kuti palibe mwana wa kwathu angalitambasule pamenepo, ndiye akundifunsa ngati sindinawerenge! Ankawudziwa ulemu wathu ngati mmene msodzi amadziwira njala ya nsomba. Ndipo mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, “Zikomo bambo.” Ndinatsirizanso tiyi.

Kope langa la kontirakiti ija linali pansi pa sutikesi, pamodzi ndi buku la nyimbo, losatsegula, kuopa kuti madalitso angatuluke. Lolemba ndinapita nalo kwa a Tam. Analiwerenga mokweza, nkhope ikufiira tsamba ndi tsamba.

“Unasaina ichi osawerenga? Anakuloza ndi mfuti?”

“Ayi. Analipempherera.”

Anaika galasi pansi. “Bola mfuti, big man. Mfuti umaiona.”

Anandiuza kuti ndikapemphe kwa a Mkulu mndandanda wa zimene zinapanga ndalamayo. Patatha sabata unabwera, ndipo pano ndilumbira ndi choko chonse cha m'boma la Dowa. Maphunziro a ntchito: mapaundi 3 sauzande. Maphunzirowo anali kanema wa kasambidwe ka m'manja amene tinaonera pa laputopu ya a Mkulu, n'kuthima pakati. Kufunafuna wantchito woyenera: 5 sauzande. Anandifunafuna kuti? Ndakhala pa benchi imodzimodzi m'tchalitchi chija chibadwire, mpaka thabwa linatenga maonekedwe anga. Tikiti ya ndege inalembedwanso, yomwe ija ya ng'ombe za mkazi wanga. Kutilandira pabwalo la ndege kunali ndi mtengo wake. Ndipo kumapeto: chovala chodzitetezera ku mphepo, mapaundi 400. Jekete ija. Switi sanaiwerengere, apo ndiyamike.

A Tam ananditumiza ku ofesi ina yopereka uphungu kwa ogwira ntchito. Mayi wa kumeneko anawerenga, napukusa mutu. Anati zambiri mwa izi sizingaime kukhoti popanda malisiti. Koma mlandu umatenga miyezi, viza yanga ili m'manja mwa kampani ya a Mkulu, ndipo kalata ya umboni palibe angawakakamize kulemba mawa.

“Nanga palibe lamulo longoletseratu zimenezi?” ndinafunsa.

Anati malangizo alipo, onena kuti mabwana asamachite nkhanza pa nkhani zotere. Malangizo. Ngakhale ine ndinkalangiza ana kuti asamadye choko.

Achipatala anadikira masabata anayi aja, anawonjezera awiri, kenaka malo anapatsa wina. Sindiwada. Ine ndinabwerera pa basi. Nditayesa kudandaula kwa anzathu a kumpingo pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero, mayi wina anandigwira pamkono: “Achimwene, munthu wakukwezani ndege, lero mukumuyalutsa? Enafe tikufuna abale athu abwerenso.” Lamulungu lotsatira a Mkulu analalikira za anthu osayamika, pafupifupi ola lathunthu, osaphethira, maso ali pa ine. Mbali imeneyo ya nkhope yanga tsitsi silimeranso.

A Tam anamwalira m'nyengo yozizira yotsatira. Mwana wawo wamkazi anandipatsa galasi lija, akuti bambo ake ananena kuti likhale la big man. Kontirakiti inkaletsa kulandira mphatso, tsamba 17. Ndinawerenga ndime imeneyo ndi galasi lomwelo, kenaka ndinaliika m'thumba.

Ndinamaliza zaka zitatu mpaka tsiku lomaliza. Nachisale anatsala. Masabata onse amene anagona ndi msana a Mkulu anawawonjezera kumapeto kwa zaka zake, poti nazonso zinalembedwa penapake m'masamba aja. Pondiperekeza anandipatsa fulasiki ija.

“Mukawauze kumudzi, aphunzitsi.”

“Ndikawauza.”

“Vuto ndi loti ndinu. Akakukhulupirirani ndani?”

Anali atalosera. Ndinapeza nyumba ya malata ya zipinda zitatu, mkazi wanga akundilandira ngati mlendo wochokera ku boma, achimwene atatulutsa mimba imene ndinaizindikira kuti ndi ya mashifiti anga a Lamulungu. Za msana palibe anafunsa. Tiyamike, amene ndinamusiya ali Folomu 3, anali atakula, atachitanso kosi yosamalira odwala. Tsiku lachitatu anandikhazika pansi onse, nkhope zikuwala, kuti andiuze nkhani yabwino imene anandibisira dala: chaka chino a Mkulu atchula Tiyamike.

Ndinafotokoza zonse. Za basi, za tsamba 9, za chipatala, za jekete ya mapaundi 400. Achimwene anaseka mpaka kutsamwa.

“Jekete ya kaunjika? Iwe sunasinthe! Si iwe unatiuza kuti mvula ya kumeneko imafunsa aneba?”

“Imafunsadi. Koma izi ndi zina.”

Mkazi wanga anati, “Inu munapita, mwabwera, nyumba ndi iyi. Mwana yekha ndiye asapite?”

Kope langa lija likanandithandiza, koma ndinali nditalisiya ku ofesi ya uphungu ija. Ndinapita kwa mwini wake nkhani. Ndinamupeza akuchapa.

“Tiya, mwana wanga, pepala limenelo lili ndi mano.”

Sanakweze n'komwe mutu. “Adadi, ndimakukondani. Koma inu mukati kunja kuli njovu, timatuluka ndi msampha wa mbewa.”

Zaka zonse ndakhala ndikukometsera nkhani kuti anthu aseke. Tsiku limodzi limene ndinafuna kuti andimve, ndinapeza kuti mawu anga ndinawagulitsa kale motchipa.

Lamulungu lotsanzikana linafika. Kunkatentha moti abuluzi ankapempha madzi, koma ine ndinavala jekete ija mpaka m'khosi. Tebulo lomwe lija, envulopu yakhaki, manja osanjika, nyimbo. Atati ameni, a Mkulu anasolola kansonga ka tsamba lomaliza, natambasula cholembera chonyezimira. Tiyamike anayamba kupinda mawondo.

Ndinaimirira. “Pepani abusa.”

Ndinapita kutsogolo, ndinatenga envulopuyo ndi dzanja limodzi, lamanzere, n'kukhuthula masamba onse patebulo. Mayi wina anakuwa ngati ndavula. Ndinatulutsa galasi la a Tam, ndinapita pa tsamba 9. Ndime 14 inalipo, itanenepa. Ndinaiwerenga m'Chingerezi, kenaka ndinaimasulira ndi mawu anga a m'kalasi, aja omveka mpaka ku chigayo.

“Wosiya ntchito zaka zisanu zisanakwane adzalipira mapaundi 15 sauzande pasanathe mwezi umodzi. Bwerezani!”

Sindinakonze zimenezo, linangotuluka lokha. Koma theka la achinyamata a m'tchalitchi chija anadutsa m'manja mwanga ku Sitandade 2. Pakamwa panatseguka mutu usanavomereze.

“Wosiya ntchito zaka zisanu zisanakwane!” tchalitchi chinagunda.

“Adzalipira zingati?”

“Mapaundi 15 sauzande!”

Bambo wina amene amasintha ndalama pamsika anatulutsa foni, nawerengera mu makwacha, naonetsa mnzake, onse awiri n'kuvula zipewa zimene sanavale. Achimwene anali atandigwira kale jekete kumbuyo. Ndinawauza kuti asamale, chovalacho ndi cha mapaundi 400, mwini sitolo ali pompano angachitire umboni.

A Mkulu sanakweze mawu. Anthu otere sakweza mawu. “Aphunzitsi, ulemu. Tili m'nyumba ya Mulungu.”

“Ulemu ndinakupatsani kale, bambo. Zaka zitatu, ndi msana pamwamba. Kapena mwataya lisiti?”

Kenaka ndinasonkhanitsa masamba aja, ndinawapereka kwa Tiyamike pamodzi ndi galasi. 

“Ine ndine wabodza, aliyense akudziwa. Ndiye usamve za ine. Werenga wekha. Ukamaliza, ukafuna usaine. Dzanja ndi lako.”

Anandiyang'ana ndi maso oti tikafika kunyumba tikambirana. Anayang'ana mayi ake, amene anali ataphimba nkhope ndi mpango. Ndinaganiza kuti asaina pompo kuti atsuke manyazi a banja, ndipo ndikanakhala ine pa msinkhu wake ndikanatero. Koma anakhala pa benchi yakutsogolo, naika chala pa mzere woyamba wa tsamba loyamba, mmene ndinkawaphunzitsira.

Anawerenga masamba onse makumi awiri ndi atatu. Abusa anayambitsa nyimbo, inafera pa vesi yoyamba. Ana analira, anatonthola, anagona. Palibe anatuluka. Pa tsamba 9 chala chinaima nthawi yaitali. Chinaimanso pamene panalembedwa za masiku odwala. Atamaliza analinganiza masambawo bwinobwino, naimirira.

“Bambo, ndili ndi funso limodzi, mundikhululukire. Ndaona zimene ndilipire ine ndikachoka zaka zisanathe. Nanga inuyo mukandichotsa zisanathe, mundilipira zingati? Ndafufuza, sindinapapeze.”

A Mkulu anatsegula pakamwa. Anayang'ana abusa. Abusa anayang'ana malata.

“Mwana wanga,” anatero pomaliza, “zinthu izi timayendera chikhulupiriro.”

Tiyamike anagwedeza mutu ngati wamva. Anabwezera masamba m'envulopu, naika cholembera chija pamwamba pake. Kenaka anagwada pansi, mawondo onse awiri, n'kuwabwezera a Mkulu ndi manja awiri, mwaulemu wonse, monga tinamulerera.

Galasi sanandibwezere. Ndipo apa sindilumbira, mpingo wonse unaona.